Zikhomo m'munda mwa azakhali: zaka zana za kafukufuku m'chigwa cha Bwanje

Ukamatsika msewu wa Khwekhwelere mwezi wa Okutobala, chigwa chonse cha Bwanje chimayalika patsogolo pako ngati mphasa. Kudzanja lamanja kuli Kasinje, Sharpevale ndi Bilira, m'boma la Ntcheu. Kumanzere kuli Mtakataka, kwa Kachindamoto, m'boma la Dedza. Kutsogolo nyanja imaoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi ndi fumbi. Nthawi imeneyi dziko limakhala litauma gwaa, kupatula mitengo ya msangu, yomwe imavala masamba chilimwe anzake onse atavula. Malire a maboma awiriwa adadula chigwachi pakati, koma kutentha kwake n'kumodzi, malungo ake ndi amodzi, ndipo mvula ikadula imadulira onse.

Azakhali anga amakhala m'chigwa chimenechi, mbali ya Ntcheu. Kuseri kwa chitseko chawo kumakhala chigubu cha malita 5 chomwe kale munali mafuta ophikira, ndipo muli nandolo wa mbewu wosakaniza ndi phulusa kuti asafumbwe. Tsiku lina adandithirira pang'ono m'dzanja.

"Uyu ndi Mwayiwathualimi, mwanangu. Sachedwa ngati wamakolo uja. Mbuzi zisanamasulidwe amakhala atacha."

"Nanga mudamutenga kuti, azakhali?"

"Adabwera ndi alangizi. Adakhoma zikhomo m'munda mwangamu, n'kumadzayeza ndi chingwe."

Kwa iwo mbiri ya nandoloyo imathera pa alangizi ndi zikhomo. Koma mbewu imeneyi isanapatsidwe dzina lachichewa inkadziwika ndi nambala, ICEAP 00557. Idachokera m'manja mwa akatswiri a bungwe la ICRISAT, lomwe likulu lake lili ku Patancheru, pafupi ndi mzinda wa Hyderabad ku India, ndipo idayesedwa ndi akatswiri a boma lathu isanaloledwe kupita kwa alimi. Ndalama zolipirira ntchito yonseyo zidasonkhedwa ndi maboma komanso mabungwe a m'mayiko omwe azakhali sadzawaonapo. M'dzanja langa munali thukuta la anthu a mitundu yambiri. Ndikufuna kulondola mapazi a alendo a zikhomowa kuyambira pomwe adayambira, chifukwa chigwa chino chawalandira kwa zaka zoposa zana, ndipo n'koyenera kuti tiwerengetsere zomwe adasiya ndi zomwe adapita nazo.

Oyamba adabwera chifukwa cha kashembe. M'zaka za m'ma 1900 koyambirira, matenda a kaodzera adayamba kupha anthu m'zigwa za m'mphepete mwa nyanja, kumpoto kwa Bwanje, cha ku Domira Bay. Bungwe la Royal Society la ku London lidatumiza gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Sir David Bruce, lomwe lidagwira ntchito m'dziko muno kuyambira 1911 mpaka 1914, msasa wawo uli paphiri la Kasu. Bruce anali atafufuzapo kale matenda a ng'ombe ku Zululand ndi kaodzera ku Uganda, choncho kafukufuku wake ankalumikiza mayiko atatu. Gululo lidapeza kuti tizilombo ta matendawa timakhala m'magazi a nyama zakutchire, ndipo Bruce adalimbikitsa kuti nyamazo ziphedwe. Malipoti awo adasindikizidwa ku London ndi mayina a Bruce, mkazi wake Mary ndi madokotala anzawo. Anyamata omwe ankayenda m'tchire kugwira kashembe ndi maukonde, namalumidwa tsiku ndi tsiku, sali pamndandanda wa olembawo. Kuyambira pachiyambi pomwe, funso lidafunsidwa kutsidya la nyanja, ndipo yankho lidapitanso komweko.

Kenaka kudabwera thonje. Mafakitale a nsalu a ku Lancashire ankafuna thonje la m'mayiko olamulidwa ndi Britain, ndipo mu 1921 kudakhazikitsidwa bungwe la Empire Cotton Growing Corporation lomwe lidatsegula malo oyeserapo mbewu m'mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo ku Domira Bay. Mbewu ya thonje yotchedwa U4, yomwe idapangidwa ku Barberton m'dziko la South Africa kuti izipirira tizilombo toyamwa masamba, idafika kuno kudzera m'njira imeneyi. Njanji yochokera ku Balaka kupita ku Salima itatsegulidwa mu 1935, idadutsa pakati pa chigwachi, pa Bilira, Sharpevale ndi Golomoti, ndipo mabelo a thonje adapeza chokwera. Nzeru za akatswiriwo zinali zenizeni, ndipo thonje la Makoka lomwe abambo athu adalima pambuyo pake lidamera pa maziko amenewo. Koma mtengo wa thonje unkakhazikitsidwa ndi ogula okha, ndipo msonkho wa nyumba ndiwo unkakankhira anthu kumunda.

Pali chinthu china chomwe anthu a ku Ntcheu sadachiiwale, ndipo aliyense wobwera ndi nzeru zatsopano ayenera kuchidziwa. Nkhondo yachiwiri itatha, akatswiri a boma la atsamunda adaona kuti nthaka ikukokoloka m'mapiri, ndipo pa mfundo imeneyo sadaname. Adalamula kuti anthu asiye matutu, aziunga mizere yopingasa, azikumba migula, azizula mapesi a thonje pa tsiku loikika. Wokana ankalipitsidwa chindapusa, mwina kuzuliridwa mbewu, mwina kutsekeredwa. Anthu adazitcha malimidwe, ndipo dzinalo lidasanduka lowawa pakamwa. Mu 1953, pamene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkakhazikitsidwa mokakamiza, Inkosi Gomani II, Philip, adauza anthu ake kuti asamverenso malamulo a zaulimiwo. Boma lidawachotsa paufumu, apolisi adapita kukawagwira ku Lizulu, ndipo adamwalira chaka chotsatira, 1954. Lero mlimi aliyense ku Bwanje amaunga mizere popanda womuopseza. Mzerewo unalibe mlandu. Chomwe anthu adakana ndi nzeru yobwera ndi chikoti, yosafunsa mwini munda.

Nkhani yomwe ndimaikonda kwambiri m'mbiri yonseyi ndi ya mtondo. Malo a kafukufuku a Chitedze, omwe adatsegulidwa mu 1948, adagwira ntchito ya mbewu ya chimanga kwa zaka zambiri, ndipo titalandira ufulu boma lidalimbikitsa haibulidi ngati SR52 ya ku Salisbury ndi zina zofanana nayo. Pa sikelo mbewuzi zinkapambana chimanga cha makolo kutalitali. Koma chaka ndi chaka alimi ang'onoang'ono ankadzala haibulidi pa kandime kogulitsa ku Admarc, munda wonse wotsala n'kudzaza chamakolo. Malipoti ambiri a nthawi imeneyo ankati alimi athu ndi ouma mitu. Chifukwa chenicheni chinali m'manja mwa amayi. Chimanga cha haibulidi chija chinali chofewa. Ukachikonola chimaphwanyika, mphale yambiri n'kupita limodzi ndi gaga, ndiye lichero lomwe likadatulutsa ufa woyera wa masiku atatu limatulutsa wa masiku awiri. M'nkhokwe namo anankafumbwe ankachiyamba msanga. Mayi aliyense wa ku Sharpevale ankazidziwa zimenezi popanda kuwerenga buku, koma palibe ankamufunsa, chifukwa muyeso wa akatswiri unkathera pa kulemera kwa zokolola.

Zinthu zidatembenuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene akatswiri a ku Chitedze, mmodzi mwa iwo Batson Zambezi, adagwirizana ndi a bungwe la CIMMYT la ku Mexico, mothandizidwa ndi Rockefeller Foundation ya ku America. Adakwatitsa haibulidi yathu ndi chimanga cholimba cha m'nkhokwe ya mbewu ya CIMMYT, ndipo mu 1990 adatulutsa MH17 ndi MH18. Chimanga chimenechi chinkakonoleka ngati chamakolo, n'kumabereka ngati haibulidi. MH18 inkachanso msanga, chinthu chofunika m'chigwa chotentha ngati Bwanje momwe mvula imatha kusiya mu Febuluwale. Ndimakumbukira amayi anga akutapa mphale ya chimanga chimenechi mumtondo, n'kuiyang'ana padzanja, n'kunena kuti, "Ichi ndiye chimanga." Ndalama zidachokera ku New York, mbewu ina ku Mexico, manja anali a Amalawi, koma funso lomwe adayankha linali la amayi aja. Mgwirizano uliwonse wa kafukufuku ndimauyeza ndi MH18.

Zaka zomwezo ku Chitedze kudakhazikikanso ntchito ya mtedza. Mu 1982 ICRISAT idatsegula kumeneko kafukufuku wa mtedza wotumikira mayiko a kummwera kwa Africa, poyamba ndi ndalama za bungwe la IDRC la ku Canada, kenaka za dziko la Germany. Mtedza wofiira wa CG7 udatuluka mu 1990, ndipo Nsinjiro, yemwe amapirira kadukutu, adatuluka mu 2000. Mitundu yopangidwa ku Chitedze idakalimidwa ku Zambia, Mozambique, Tanzania mpaka ku Uganda. Apa Malawi adali wopereka, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ana athu kusukulu sauzidwa zimenezi. Pakati pa zaka za m'ma 1990 kudachitikanso kafukufuku wa feteleza m'minda ya alimi yoposa 1,000 m'dziko lonse, yemwe adaonetsa kuti muyeso umodzi sungakwanire nthaka ya ku Tsangano ndi ya ku Bwanje mofanana. Zina mwa zomwe adapeza zidalowa m'ndondomeko ya sitata paki ya 1998.

Tsopano tifike pa sikimu, chifukwa dzina la Bwanje limadziwika m'mabuku a kunja makamaka chifukwa cha iyo. Sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley ili mbali ya Dedza, kwa Kachindamoto, ndipo imamwa madzi a mtsinje wa Namikokwe. Akatswiri a ku Japan, kudzera m'bungwe la JICA, adachita kafukufuku wa chigwachi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990: adayeza mitsinje, adajambula mapu, adakumba nthaka. Boma la Japan lidapereka ndalama pafupifupi madola 15 miliyoni a ku America, ndipo pofika chaka cha 2000 panali mahekitala 800, ngalande za simenti, zitseko zachitsulo zotsegulira madzi, ndi mabanja oposa 2,000 ogawiridwa ndime. Panthawiyo inali sikimu yaikulu kwambiri ya alimi ang'onoang'ono m'Malawi. Amene adaiona itangotha amakumbukira mmene madzi ankayendera m'ngalande yaikulu, oyera, osapatuka.

Namikokwe amachokera m'mapiri omwe mitengo yake idatha ndi makala komanso minda. Mvula ikagwa kumtunda, mtsinjewu umatsika ndi mchenga wosaneneka, ndipo ukafika pachigwa umasintha njira mmene wafunira. Patangopita zaka ziwiri kapena zitatu, madzi osefukira adagumula gombe n'kuopseza ngalande yaikulu, mchenga udadzaza polowera madzi, ndipo alimi ankathera masiku akuufukula ndi mafosholo. Ndime zambiri zinali zisanasalazidwe, choncho madzi ankadikha mbali imodzi, mbali ina mpunga ukupsa ndi dzuwa. Chilimwe mtsinje unkaphwa moti malo ochepa okha ndiwo ankathiririka. Panalinso mikangano ya malo, chifukwa chigwacho sichinali chopanda eni: anthu ankalima mpunga m'madambo amenewo kalekale, ndipo ankadziwa kumene madzi amadzera chaka cha mvula yambiri. Japan idabweranso ndi ndalama zina pakati pa zaka za m'ma 2000 kudzakonza zowonongeka ndi kusuntha mbali ya ngalande. Pambuyo pake European Union idalipira ntchito yomanga damu kumtunda kuti madzi azipezeka chilimwe.

Mu 2009 akatswiri atatu a ku yunivesite ya Wageningen ku Netherlands, Gert Jan Veldwisch, Alex Bolding ndi Philippus Wester, adasindikiza kafukufuku wawo wa sikimuyi pa mutu wakuti Sand in the Engine. Mfundo yawo inali yakuti sikimuyi idajambulidwa potengera chithunzi cha ulimi wa mpunga chomwe okonza adabwera nacho m'mutu, osati potengera mmene anthu a m'chigwachi ankakhalira ndi madzi awo. Ndikugwirizana nawo, ngakhale sindingalole kuti wina anene kuti sikimuyi idalephera. Pitani pa Golomoti kapena pa Mtakataka mwezi wa Juni mukaone matumba a Kilombero ndi Faya ali mbwee m'mbali mwa msewu, mukaone nyumba za malata ndi ana omwe fizi yawo idachokera m'ndime zimenezo. Anthu a ku Japan adapereka msonkho wawo ndi mtima wabwino, ndipo adabwerera pamene zinthu zidavuta, chinthu chomwe ambiri sachita. Koma taonani ulendo wa nzeruzi. Ofufuza a ku Japan adayeza chigwa, ofufuza a ku Netherlands adadzayeza ntchito ya a ku Japan, zonse zidalembedwa m'Chingerezi, ndipo nkhani ya 2009 ija ili m'magazini ya akatswiri yomwe munthu amalipira kuti awerenge. Mlimi yemwe ankafukula mchenga uja, yemwenso adayankha mafunso a magulu onse awiri, alibe njira yowerengera zomwe adalemba za iye.

Njira yabwino yogwirira ntchito ndi alimi idabadwira m'dziko mommuno. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, katswiri wa nthaka Sieglinde Snapp, akugwira ntchito ndi ICRISAT pamodzi ndi akatswiri a Chimalawi, adayambitsa kayesedwe kotchedwa mayi ndi mwana. Pakati pa mudzi pamakhala munda umodzi waukulu, wa mayi, momwe njira zonse zoyesedwa zimayalidwa m'timandime toyezedwa bwino. Ndiye alimi ambiri ozungulira amasankha njira ziwiri kapena zitatu zomwe zawakomera, n'kukaziyesa m'minda mwawo, minda ya ana, ndi khasu lawo, pa nthaka yawo, ndi mavuto awo. Katswiri amapeza manambala ake kumunda wa mayi, koma chigamulo chenicheni chimachokera ku minda ya ana. Njira imeneyi idafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia.

Ndiyo idagwiritsidwa ntchito pamene pulogalamu ya Africa RISING idafika ku Ntcheu ndi Dedza mu 2012. Ndalama zake zidachokera ku USAID, pansi pa ndondomeko ya boma la America ya Feed the Future, ndipo inkachitika nthawi imodzi ku Mali, Ghana, Ethiopia, Tanzania, Zambia ndi Malawi. Kuno idatsogozedwa ndi yunivesite ya Michigan State mogwirizana ndi bungwe la IITA, sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda, ndi alangizi a boma. Adasankha madera anayi mwadala kuti nyengo zisiyane: Linthipe kumtunda kozizira, Kandeu ndi Nsipe pakatikati, ndi Golomoti pansi pa chigwa, pomwe dzuwa limaotcha ndipo mvula siyodalirika. Regis Chikowo, katswiri wa ku Zimbabwe, ndiye ankayendetsa ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo Wezi Mhango wa ku Bunda anali mmodzi mwa Amalawi omwe adaifufuza mozama nkhani ya mbewu za mtundu wa nyemba.

Chomwe adalimbikira kwambiri ndi kuphatikiza nandolo ndi mtedza m'munda umodzi. Nzeru yake njosavuta kuimva ukaiona ndi maso. Nandolo amakula pang'onopang'ono miyezi yoyamba, choncho salimbana ndi mtedza. Mtedza ukakumbidwa mu Epulo kapena Meyi, nandolo amatsala yekha, mizu yake yapita pansi kumene kukadali chinyezi, ndipo amapitiriza kukula chilimwe. Masamba ake amayoyokera m'mizere n'kupanga mphasa yofiirira yomwe imafufuma ukaiponda. Mizu ya mbewu zonse ziwiri imasiya chonde m'nthaka, moti chimanga chodzalidwa pamenepo chaka chotsatira chimabiriwira ndi feteleza wochepa. Banja limapeza mtedza wa nsinjiro, nandolo wa ndiwo ndi wogulitsa, ndi mitengo yake ya nkhuni, zomwe m'chigwa chopanda nkhalango si nkhani yaing'ono. Mu 2016 komiti ya boma yovomereza njira za ulimi idailoleza njirayi kuti alangizi aziiphunzitsa m'dziko lonse. Agogo athu ankasakaniza mbewu kalekale, ndipo ena mwa iwo adalipitsidwa chindapusa chifukwa cha zimenezo. Zidatenga zaka zambiri ndi ndalama za ku Washington kuti nzeru yawo ibwerere itavala manambala.

Pa tsiku lina lachionetsero ndidaima kumbuyo kwa gulu la amayi pamunda wa mayi. Wophunzira wina wa ku Bunda, atanyamula kabuku, ankafunsa kuti ndi ndime iti yomwe yawasangalatsa. Gogo wina adaloza ndime yomwe sinali yobereka kwambiri.

"Chifukwa chiyani imeneyo, agogo?"

"Iyi ndingailime ndekha, mdzukulu wanga. Inayo njabwino, koma kupalira kwake kufuna anthu atatu, ndipo ine ana anga ali ku Joni. Komanso mulembe za mbuzi. Nandolo wochedwa kuno ndi chakudya cha mbuzi."

Mtsikanayo adalemba zonse. Ndidaona cholembera chikuyenda, ndipo mtima wanga udakhala pansi, chifukwa ndi zomwe zidasoweka pa malimidwe, pa SR52 ndi pa Namikokwe. Nkhani ya mbuzi ndi yeniyeni: mwambo wa m'midzi yambiri ya ku Ntcheu ndi womasula ziweto chimanga chikangokololedwa, ndipo nandolo sangapulumuke pokhapokha mafumu atakhazikitsa lamulo lomanga mbuzi mpaka atathyoledwa. Palibe labotale ya ku Michigan kapena Patancheru yomwe ikadalitulukira vuto limeneli.

Komabe pali zinthu zomwe kafukufuku wa m'munda sangazigwire. Pafupifupi nandolo yense yemwe Malawi amagulitsa kunja amapita ku India. Mu 2016 mitengo inali yabwino ndipo anthu adadzala kwambiri. Mu Ogasiti 2017 boma la India, litakolola nandolo wambiri kwawo, lidaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa m'dzikolo kuchokera kunja. Mitengo kuno idagwa mpaka mavenda ankagula ngati akuchita chifundo, ndipo alimi ambiri adazula nandolo wawo ndi mkwiyo. Dziko lomwe kuli likulu la bungwe lomwe lidapanga mbewu ya azakhali ija ndi lomwenso lidachepetsa msika wake. Mu 2021 maboma awiriwa adasainirana pangano loti India azigula matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi chaka chilichonse kwa zaka zisanu, koma chikhulupiriro cha mlimi chikasweka sichibwerera ndi siginecha. Azakhali anga adasunga chigubu chawo chifukwa nandolo amadya okha. Anzawo omwe adadzalira ndalama adasiya.

Ndili ndi dandaulo langa, ndipo ndilinena mosabisa. Chaka china kudabwera gulu la ofufuza ndi galimoto yoyera kumudzi kwathu. Adakhala pakhonde la azakhali kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, akufunsa mafunso a pa tabuleti: nkhuku zingati, mudadya kangati dzulo, ndani amasunga ndalama m'nyumba muno. Azakhali adasiya kupalira tsiku limenelo, adawaphikira mbatata. Kenaka anyamatawo adapita kumunda ndi chitsulo chobowolera, adatapa dothi m'malo asanu, adalithira m'timapepala tapulasitiki n'kulembapo manambala. Adalonjeza kuti zotsatira zibwera. Papita zaka zambiri tsopano. Nthawi iliyonse ndikapita, azakhali amandifunsa, "Kodi dothi langa lija adapezamo chiyani?" Sakufuna ndalama. Akufuna kudziwa ngati munda wawo ukudwala, ndipo ngati ukudwala, ukudwala chiyani. Ndikukhulupirira kuti dothi limenelo lidayezedwa, manambala ake adalowa m'kompyuta, mwina wina adalandira nawo digiri. Kubweza yankho kwa mwini dothi kukadafuna pepala limodzi lachichewa ndi mafuta a njinga yamoto ya mlangizi. M'bajeti za mamiliyoni, kandalama kameneka ndi komwe kamaiwalika.

Zaka zaposachedwa kwaoneka mtundu wina wa mgwirizano womwe ndimauona ngati wolimbikitsa, wa mayiko oyandikana okhaokha. Mu 2013 World Bank idavomereza pulogalamu ya APPSA, momwe Malawi, Mozambique ndi Zambia adagawana ntchito: ife kutsogolera kafukufuku wa chimanga, Mozambique wa mpunga, Zambia wa mbewu za mtundu wa nyemba, dziko lililonse litapatsidwa pafupifupi madola 30 miliyoni, ndipo bungwe la CCARDESA la ku Gaborone likulumikiza. Nzeru yake inali yakuti mbewu yoyesedwa ku Chitedze isayambirenso pachiyambi ikafika ku Msekera ku Chipata kapena ku Angónia. Kwa munthu wa ku Ntcheu, yemwe msewu wa M1 umamulekanitsa ndi abale ake a ku Mozambique ndi phazi limodzi, zimenezi n'zomveka. Mbozi za m'chimanga zomwe zidatigwera mu 2017 sizidaime pachipata kuonetsa chiphaso. Bungwe lathu la National Commission for Science and Technology, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, lilinso m'gulu la Science Granting Councils Initiative lomwe lidayamba mu 2015, momwe mabungwe opereka ndalama za kafukufuku a mayiko a mu Africa amaphunzitsana ndi kuitanira limodzi akatswiri awo kuti apikisane. Koma ngakhale pamenepa, gawo lalikulu la ndalama likuchokera ku Canada, Britain, Sweden, Germany, Norway ndi South Africa.

Akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Pa 20 Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump adasaina lamulo loimitsa thandizo la America kumayiko akunja kwa masiku 90, ndipo pofika Julayi chaka chomwecho USAID inali itatsekedwa. Malo ambiri a kafukufuku wa zaulimi a Feed the Future m'mayunivesite a ku America adaima. Africa RISING inali itatha kale nthawi yake, koma chitsime chomwe idamwapo ndi chomwe chidaphwa. Kafukufuku wa nthaka safanana ndi kumanga mlatho, woti ukaima ungadzapitirize pomwe udalekezera. Kuti udziwe ngati nandolo akubwezeretsadi chonde, uyenera kuyeza munda womwewo zaka khumi kapena kuposerapo osadumphitsa. Zikhomo zikazulidwa, mlimi n'kuunga mizere yatsopano, zaka zonse zam'mbuyo zimatayika. Ndipo wophunzira uja wa kabuku, akamaliza digiri yake n'kupeza kuti kulibe ntchito, amakwera ndege.

Sindili m'gulu la anthu onena kuti alendowa atisiye. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo MH18, CG7, Nsinjiro, Mwayiwathualimi ndi ngalande za Namikokwe ndi umboni wokwanira. Sayansi simera m'dziko limodzi, ngakhale mayiko olemera amafufuza mothandizana. Chomwe ndikukana ndi kulowa mumgwirizano manja ali lende, chifukwa wosonkha ndalama ndiye amasankha funso. Mafunso a Bwanje alipo ambiri ndipo akudikira: mchenga wa m'mitsinje yotsika m'mapiri a Kirk, likodzo la ana osamba m'ngalande, kaufiti m'minda ya chimanga, mbewu ya mpunga wonunkhira yomwe ingache msanga madzi asanaphwe, mtengo wa thonje. Ena mwa mafunso amenewa sadzakhala pamwamba pa mndandanda wa ofesi ya ku Brussels kapena Tokyo, ndipo palibe chifukwa chowadzudzulira. Mayiko a mu African Union adalonjezana kale kuti aliyense aziika 1 peresenti ya chuma chake pa kafukufuku. Lamulo la 2003 lija lidakhazikitsanso thumba la ndalama za sayansi ndi luso.

Pempho langa likupita kwa aphungu a Bwanje ndi anzawo ku Nyumba ya Malamulo: pokambirana bajeti, funsani kuti m'thumba limeneli mwalowa zingati, ndipo musavomere yankho lozungulira. Kwa a bungwe lopereka zilolezo za kafukufuku, ikani lamulo loti aliyense wotapa dothi, magazi kapena mayankho m'mudzi abwerere kumudzi komweko ndi zotsatira, m'chilankhulo cha eni ake, asanatseke mabuku a pulojekiti. Kwa mafumu athu, a Ganya, a Masasa, a Makwangwala ndi ena, galimoto yoyera ikaima pabwalo panu, alandireni alendowo monga mwa mwambo wathu, koma afunseni tsiku lomwe adzabwerenso, ndipo mulilembe. Ndipo inu amene mudatapa dothi m'munda wa mayi wina wokalamba ku Bwanje n'kudya mbatata pakhonde pake, ngati mukuwerenga nkhani ino, mwini dothi uja akadali moyo ndipo akudikirabe yankho lake.